Kuwoloka boda ya Muloza pa njinga, nanga usiku mukagona pati?

Funsoli lachokera kwa achimwene ena a ku Luchenza, iwo alemba kuti: "Ine ndi mnzanga tikufuna tipalase njinga kuchoka kuno kukalowa ku Mozambique kudzera pa Muloza, mwina mpaka ku Gurue kapena ku Quelimane ngati miyendo ilola. Ine pasipoti ndili nayo koma mnzangayo ali ndi chiphaso cha unzika chokha, ndiye anthu akutiuza kuti pasipoti njosafunika poti a kabaza ndi a geni ya chimanga amangowoloka tsiku ndi tsiku osadinditsa. Tagulanso tenti ya pa kaunjika, kodi tingamangoimika paliponse pomwe dzuwa latilowera?"

Achimwene, ulendowu ngotheka ndithu ndipo siwoopsa ngati mmene anthu amakambira pa bawo, koma pa zinthu ziwiri zomwe mwafunsazi ndikukanizani zonse. Osalowa m'dziko la eni opanda chidindo, komanso osaimika tenti pamalo pomwe eni dera sakudziwa kuti mulipo. Zinazi za matayala, madzi, ndalama tizikamba tikamapita.

Tiyambe ndi mnzanuyo. Chiphaso cha unzika chija cha a NRB nchathu cha mommuno, cholembetsera simu khadi ndi kutsegulira akaunti ku banki, sichikalata choyendera kunja. Zomwe akukuuzani zoti anthu amangowoloka nzoona, palibe wa ku Limbuli yemwe sadziwa kuti njinga zodzadza matumba zimadutsa mtsinje wa Muloza m'madooko osiyanasiyana, ndipo mabanja ambiri kumeneko ali mbali zonse ziwiri, nyumba kuno munda tsidya, amalume uko agogo kuno, maliro akachitika palibe amene amayamba wapita kukadinditsa. Koma anthu amenewo akupita pafupi, nkhope zawo nzodziwika, madzulo abwerera kwawo kukagona. Inu mukufuna kulowa makilomita pafupifupi 200 mkati, ndi zikwama zolendewera uku ndi uku, chipewa cha njinga kumutu, aliyense akungoona kuti awa ndi alendo. Wapolisi woyamba kukuimitsani pa msewu chomwe adzafunse ndi pasipoti, akatsegula nkupeza mulibe chidindo cholowera ndiye kuti mwalowa mozemba basi, palibe chofotokoza, ndipo Chipwitikizi choti mudzikambire nacho mulibe. Ku Mozambique mlendo amayenera kuyenda ndi zikalata zake nthawi zonse, ngakhale pongopita kukagula buledi.

Ilipo boda pasi yomwe a Immigration amapereka pa boda, ndipo ndikudziwa kuti wina akuuzani kuti mungotenga imeneyo poti njotchipa. Imeneyo njothandiza munthu wopita kukagula zinthu ku tauni ya Milange, kukazonda wodwala, kukakhala pa ukwati nkubwerako, ndi ya masiku ochepa komanso ya dera la pafupi ndi malire. Ngati mukufuna ulendo woyeserera, woti mukaone Milange, mukadye buledi wa kumeneko yemwe amati pão, muyang'ane phiri la Tumbine chapafupi nkubwerera, pitani mukafunse pa ofesi ya Immigration pa Muloza pomwepo akuuzani zofunika ndi masiku omwe angakupatseni. Koma Gurue kapena Quelimane ayi, pamenepo mnzanuyo apangitse pasipoti kaye, ulendo udikire. Bola kuchedwa miyezi ingapo kusiyana nkukagona m'chitokosi cha dziko lachilendo abale anu osadziwa komwe muli.

Inu amene pasipoti muli nayo, yang'anani tsiku lothera ntchito, ikhale yotsala ndi miyezi yosachepera 6, komanso ikhale ndi masamba opanda kanthu odindapo. Mmalawi safunika viza polowa ku Mozambique pa ulendo wongocheza, amapatsidwa mpaka masiku 30. Chitani fotokope tsamba la chithunzi lija, makope awiri kapena atatu, muike m'zikwama zosiyana, mujambulenso pa foni nkutumizira m'bale wanu pa WhatsApp. Pasipoti yeniyeniyo ikhale m'pepala la pulasitiki, m'kachikwama ka pathupi, osati m'chikwama cha pa keliyala. Thukuta la munthu wopalasa tsiku lonse limaononga pasipoti kuposa mvula.

Msewu wake mukuudziwa kale, ndi M2 yomweyi yochokera ku Limbe kudzera Thyolo, kwanu ku Luchenza, Chitakale, pa boma pa Mulanje mpaka Muloza. Kuchoka pa boma kukafika pa boda ndi makilomita pafupifupi 30, tala yekhayekha, phiri lili kumanzere kwanu, minda ya tiyi mbali zonse, zitunda zilipo koma sizoti nkutsika pa njinga. Chovuta pamenepa ndi maminibasi ndi njinga zamoto makamaka mukamayandikira Limbuli tsiku la msika, pamakhala piringupiringu woti kupalasa kumakanika, ingotsikani muzikankha. Langizo langa nloti tsiku loyamba musawoloke. Chokani ku Luchenza, mukagone cha ku Mulanje kapena pa resiti hausi ina kufupi ndi Muloza, mmawa mwake mufike pa boda kukadali kozizira. Boda imeneyi simagwira usiku wonse ayi, imatseka madzulo, ndiye munthu wofika dzuwa litapendeka amadinditsa mothamanga, amasintha ndalama mothamanga, kenako mdima ukumupeza ali m'tauni yomwe sakuidziwa, zolakwika zambiri zimachitikira pamenepo.

Pa boda penipeni zimayenda chonchi. Mbali yathu mulowa kwa a Immigration akudindireni chotulukira, a MRA atha kufuna kuona zomwe mwanyamula. Musalowe nonse awiri nthawi imodzi, mmodzi atsale panja ndi njinga, akatuluka winayo alowe, ndipo anyamata omwe adzakuthamangireni kuti "bwana tikuthandizeni mapepala" muwathokoze mwaulemu nkuwakana, palibe chomwe angachite chomwe inu simungathe, pasipoti yanu isagwiridwe ndi munthu wosavala yunifolomu yemwe sali kuseri kwa kauntala. Mukatero muwoloka mlatho, mukafika kwa a Migração mbali ya Mozambique. Adzakufunsani komwe mukupita, masiku angati, mukagona kuti. Musayankhe kuti "tizingoyenda, tigona paliponse", yankho limenelo limadzutsa mafunso ena khumi. Nenani tauni yeniyeni, Mocuba kapena Gurue, ndipo mukhale ndi dzina la malo ogona alendo a kumeneko, iwo amati pensão, lolemba pa kapepala. Akakudindirani musachoke pa windo musanayang'ane, onani kuti chidindo chilipodi, deti lake ndi la tsiku limenelo, ndipo masiku omwe alemba ndi angati, chifukwa mukapyola masikuwo pamakhala chindapusa chowerengera tsiku lililonse. Ndalama iliyonse yomwe mwauzidwa kuti mulipire, pemphani lisiti. Foni ikhale m'thumba, osajambula mlatho, maofesi, asilikali kapena apolisi, zithunzi za pa Facebook mukajambula kutsogolo.

Njinga yakapalasa sifuna mapepala ngati a galimoto, za inshulansi ndi zina zija ayi. Komabe tengani lisiti yomwe munagulira ngati ilipo, ndipo lembani nambala ya felemu, imakhala pansi pomwe pamalowa mapedulo, mutembenuze njingayo muiona. Zimathandiza wina akakayikira kuti njingayo njakuba kapena mukukagulitsa, komanso pobwerera kuti pasakhale nkhani yoti mwagula kunja mulipire msonkho.

Ndalama ya kumeneko ndi metical. Kwacha imayenda m'misika ya m'malire momwemo, mukangolowa mkati pang'ono palibe akuifuna. Njira yoyenera ndi kusintha ku banki kapena ku malo ovomerezeka musananyamuke, ndipo khadi la banki ya kuno musalidalire kwambiri, ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu mutha kukaima pa ATM osatulutsa kanthu. Osintha ndalama a m'mbali mwa msewu pa boda alipo ambiri, aliyense amawaona, ine sindikutumani kwa iwo, koma mukakakamizika dziwani kaye mtengo wa tsikulo, sinthani zochepa, werengani nokha zomwe akupatsani mpaka kumapeto musanatulutse zanu, ndipo akazitenganso kuti "tiwerengenso" muyambirenso kuwerenga poti mpamene mapepala ena amasowa. Pemphani ndalama zing'onozing'ono, ma 20, ma 50, ma 100. Pepala la 1000 kumudzi mayi wogulitsa nthochi alibe chenje chake, mugona ndi njala ndalama zili m'thumba. Mukafika m'tauni ya Milange, yomwe ili makilomita ochepa chabe kuchoka pa boda, gulani simu khadi, kuli Movitel, Vodacom ndi Tmcel, kumidzi ambiri amagwiritsa Movitel. Polembetsa adzafuna pasipoti. Airtel ndi TNM zimakutsatirani pang'ono chabe kenako zii.

Zabwino zake nzoti amayendera kumanzere ngati ife, nthawi ndi imodzimodzi, ndipo ku Milange Chichewa chimamveka bwinobwino, Chilomwe nacho ndiye kwawo. Ngati m'modzi wa inu amayankhula Chilomwe cha kwa agogo, ulendo wa ku Gurue wapepuka kale. Mukamatsikira ku Mocuba ndi ku Quelimane Chichewa chimayamba kuchepa, kumeneko ndi Chichuwabo ndi Chipwitikizi, ndiye phunzirani timawu tochepa, bom dia (moni wa mmawa), boa tarde (moni wa masana), por favor (chonde), obrigado (zikomo), água (madzi), komanso "posso dormir aqui?" pofunsa ngati mungagone pamalopo.

Kuchoka pa Milange njira zanu ndi ziwiri. Ya ku Mocuba ndi N11, makilomita pafupifupi 190, ya tala, imadutsa ku Alto Benfica, kenako pa Mocuba mukumana ndi msewu waukulu wa N1 ndi mtsinje wa Licungo, kuchoka apo kukafika ku Quelimane kudzera pa Nicoadala ndi ena pafupifupi 150. Ya ku Gurue imadzera ku Molumbo, mbali yaikulu ndi yafumbi, yokwera ndi kutsika, mvula ikagwa matope amamata pakati pa tayala ndi madigadi mpaka wilo kukana kuzungulira. Gurue ngokongola zedi, minda ya tiyi ngati kwathu kuno ndi phiri la Namuli pamwamba pake, koma kwa anthu oyamba kumene ine ndingati yambani ndi ya ku Mocuba, mukaone kaye mmene thupi ndi njinga zikumverana ndi katundu. Munthu wozolowera kupalasa wopanda katundu amadziyesa wa makilomita 120 pa tsiku, mukamangirira tenti, madzi, mapoto ndi zovala muwerengere 60 mpaka 80 basi, ndiye kuti pakati pa Milange ndi Mocuba mugona panjira kawiri. Apa ndiye pafika nkhani ya tenti ija.

Zomwe mumaona pa YouTube azungu akupatuka msewu nkukabisala m'nkhalango, kuphika tiyi okhaokha, zimatheka kumayiko komwe mungayende tsiku lonse osakumana ndi munthu. Kuno ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ngakhale tsidya ku Zambezia kulibe tchire lopanda mwini. Paliponse ndi munda wa munthu, dimba la munthu, njira ya kumadzi, ndipo pomwe mukuganiza kuti palibe wakuonani dziwani kuti mwana wobusa mbuzi wakuonani kalekale ndipo wathamanga kukanena kumudzi. Tsono taganizani uthenga womwe wafika kumudziko, anthu awiri achilendo alowa m'thengo dzuwa litalowa, ali ndi zikwama, timachubu, tochi ya pamphumi, amanga kanyumba ka nsalu. Inu a ku Luchenza simufunika kukumbutsidwa za 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje ndi Phalombe nkufalikira ku Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre, anthu osalakwa anaphedwa chifukwa chongokhala achilendo pamalo kapena kunyamula chikwama chomwe ena sanachimvetse, mpaka a UN anachotsa antchito awo m'maboma ena. Tsidya la ku Mozambique nakonso mphekesera yomweyo ilipo, amati chupa-sangue, ndipo chaka chomwecho ku Gurue kunali zipolowe pa nkhani yomweyi. Zinazizira inde, koma mantha aja sanafe, amangogona. Munthu wobisala ndi amene amaoneka woopsa, wofika masana poyera nkupereka moni amangokhala mlendo wotopa.

Ndiye chitani chonchi. Ikamakwana 3 koloko masana yambani kuyang'ana mudzi, pofika 4 koloko mukhale mutaima. Musanyengedwe ndi dzuwa looneka ngati likadali pamwamba, miyezi ya June ndi July limalowa itangopitirira 5 koloko ndipo mdima wake sumachedwa. Imani pa kagolosale kapena pa mjigo, gulani kanthu kakang'ono, perekani moni bwinobwino, chotsani magalasi akuda ndi chipewa anthu aone nkhope, kenako funsani kwa amfumu. Kuno mukudziwa ndi a nyakwawa kapena a gulupu, ku Mozambique mufunse régulo kapena secretário wa dera, ku Milange mukangoti amfumu akumvani. Wina adzakuperekezani, nthawi zambiri ndi gulu la ana pambuyo. Mukafika musayambe ndi pempho muli chiimire mutagwira handulo, tsamiritsani njinga, khalani pansi pomwe akulozerani, mulonjeredwe kaye, kenako fotokozani kuti ndinu ndani, mwachokera mudzi uti mfumu yanu ndani, mukupita kuti, ndipo mukupempha kagawo ka bwalo koti muimike tenti usiku umodzi mmawa muzipita. Onetsani pasipoti musanafunsidwe, ena amalemba maina m'kabuku, asiyeni alembe, zimenezo ndi chitetezo chanu chomwe. Mfumu ikakulandirani mudzi wonse wakulandirani, ngakhale woledzera wa m'mudzimo amadziwa kuti awa ndi alendo a kwa amfumu.

Malo ena omwe amathandiza ndi pa tchalitchi kapena pa mishoni, pa sukulu mukapempha kwa ahedi kapena mphunzitsi wokhala pompo, pa chipatala chaching'ono pomwe pali mlonda, ngakhale pa polisi. Pa sukulu mpabwino poti pali chimbudzi, nthawi zambiri mjigo uli pafupi, ndipo mvula ikabwera akutsegulirani kalasi, koma muzidzuka msanga ana asanafike. Ngakhale mugone pa sukulu kapena pa tchalitchi, funsanibe ngati amfumu adziwitsidwa. Pomwe sindikufuna kuti mugone ndi pafupi ndi bala kapena pa thiredingi senta pomwe pali mowa ndi majenereta, komanso m'dera la boda lenilenilo, mbali zonse ziwiri, usiku kumeneko kumayenda anthu a katundu wozembetsa ndi owasaka, inu mungopezeka pakati. M'matauni ngati Milange, Mocuba, Gurue ndi Quelimane iwalani za tenti, lowani pensão yotchipa, mupemphe kuti njinga zilowe kuchipinda, ambiri savuta.

Kumbali yathu ino musanawoloke, minda ya tiyi ija imakopa, udzu wometa bwino, mitengo ya bulugamu, madamu, malo a fulati, koma ndi malo a makampani ndipo kuli alonda usiku wonse, akakupezani adzakutengani ngati akuba nkhuni kapena makadamiya. M'nkhalango ya boma ya phiri la Mulanje namonso simungangolowa nkumanga paliponse. Ngati mukufuna kuyesa tenti yanuyo musanapite kutali, zomwe ndikulimbikitsa kwambiri poti za pa kaunjika zina zimabwera zopanda zikhomo kapena zipi yakufa, pitani ku Likhubula, kuli ofesi ya za nkhalango ndi malo olandira alendo okwera phiri komwe amalola kumanga tenti mukalipira kangachepe. Mukagone usiku umodzi, muithire madzi ndi ndowa muone ngati ikudontha.

Tsono tinene kuti zavuta, tcheni chaduka, mdima wakupezani pakati pa midzi. Ngakhale pamenepo ndingakonde mukankhe njinga mpaka pa nyumba yoyamba yomwe mwaona moto, muime chapatali nkuodira mokweza, "odi kuno, ndife alendo", tochi italoza pansi osati kumaso kwa anthu. Koma posankha pomanga, kaya mwapatsidwa ndi amfumu kaya ndi mwini nyumba, pali zoti muziyang'ana. Kankhalango kowirira ka mitengo ikuluikulu kotsala pakati pa minda yoyera, komwe kamaoneka ngati malo abwino kwambiri obisalapo, kawirikawiri amenewo ndi manda. Musayerekeze, mlandu wake ngwaukulu ndipo palibe angakhulupirire kuti munangofuna mthunzi. M'mphepete mwa mtsinje kapena pa mchenga wa mtsinje wouma napo ayi. Mitsinje yochokera m'phiri ngati Ruo, Lichenya, Likhubula ndi Muloza imadzadza mwadzidzidzi mvula ikagwa kumtunda inu kumunsi kuli nyenyezi, tonse tinaona zomwe namondwe wa Freddy anachita mu March 2023, miyala ndi matope kutsika usiku anthu ali mtulo. Kumunsi ku mitsinje ikuluikulu ngati Licungo kulinso ng'ona, posamba funsani eni ake pomwe iwo amasamba. Kuyambira August mpaka October tchire limatenthedwa, osaka mbewa ndi okonza minda, ndiye tenti ya nayiloni pakati pa udzu wouma ndi ngozi, mangani pa bwalo losesa. Yang'ananinso pansi ngati pali mzere wa linthumbu, zikakulowerani usiku mudzatuluka mukuvula zovala pamaso pa mudzi wonse. Pansi pa mtengo wa mango nthawi ya mango, kapena wa kokonati mukafika cha ku Quelimane, sunthani pang'ono.

Za mabomba okwirira ena adzakuopsezani nazo poti dera la Milange linavutika kwambiri pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, makolo athu akukumbuka mmene anthu othawa nkhondo anadzadzira ku Muloza kuno cha m'ma 1986. Nkhondoyo inatha mu 1992, ndipo mu 2015 dziko la Mozambique linalengeza kuti lamaliza kuchotsa mabomba m'malo onse omwe ankadziwika. Ndiye si nkhani yoti ikulepheretseni ulendo, kungoti nayonso ikugwirizana ndi zomwe ndanena kale, yendani momwe anthu amayenda. Chomwe muyenera kutchera khutu ndi ndale za nthawi imeneyo, chisankho cha ku Mozambique cha October 2024 chitatha kunali zionetsero miyezi ingapo, misewu kutsekedwa, ndiye musananyamuke mverani wailesi, funsani madalaivala a mathiraki ndi a geni pa Muloza, iwo amadziwa za msewu kuposa intaneti.

Mukalandiridwa pakhomo pa munthu pali kakhalidwe kake. Akakupatsani nsima idyani, kumeneko amati xima koma ndi yomweyi, ndipo nanunso tulutsani zomwe muli nazo mudyere limodzi, osakadzitsekera mu tenti nkumatafuna mabisiketi ana akumva. Nyamulani timapaketi ta shuga, mchere, sopo, masamba a tiyi wa kwathu kuno, mmawa potsanzika mupatse mayi a pakhomopo. Ndalama ena amakana ena amalandira, mukafuna kupereka nenani kuti ndi ya sopo kapena ya ndiwo za ana, osafunsa kuti "tilipire zingati" ngati munagona ku resiti hausi. Funsani chimbudzi ndi bafa, osangolowera kuseri kwa nyumba. Ana adzakuzingani kuonerera mmene mukumangira tenti, asiyeni aone, akakhuta apita, wamkulu wina adzawabalalitsa yekha. Mowa usiku umenewo ayi, ngakhale akuitanireni kachasu mwaulemu bwanji, ndipo za ndale za dziko lawo musalowerere, mungomvetsera. Njinga zikhomeni pamodzi ndi loko, kapena pemphani zilowe m'nyumba, zikwama zonse mu tenti, nsapatonso mkati poopa zinkhanira ndi agalu. Musachoke mbandakucha osatsanzika, zimaoneka ngati mwathawa ndi kanthu, ndipo mukuonongera wapanjinga wina wobwera pambuyo panu. Ngati nkotheka pemphani amfumuwo akuuzeni dzina la mfumu kapena m'busa wa komwe mukagone mawa, kufika ndi dzina la wokutumani kumatsegula zitseko msanga.

Udzudzu ku Zambezia ndi wochuluka, makamaka mukamatsikira kunyanja. Tenti ikhale ndi neti yosabooka ndipo muzitseka zipi dzuwa likangolowa, tenganinso neti wamba ya masiku ogona m'kalasi kapena mu pensão. Mukamva kuphwanya m'thupi ndi kutentha musanene kuti nkutopa kwa njinga, pitani pa chipatala akakuyezeni, mankhwala omwe kuno timati LA kumeneko amawadziwa kuti Coartem. Madzi a pa mjigo ambiri ngabwino koma a pachitsime ndi a mumtsinje thirani WaterGuard, akatha kumeneko mugule Certeza, ntchito yake ndi yomweyo. Aliyense anyamule malita osachepera 4 ndipo muzidzadza paliponse pomwe mwapeza mjigo ngakhale mabotolo asanathe.

Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka August, kozizira, misewu youma. Kungoti ndi nthawi ya chiperoni, kamvula kowaza kaja ndi nkhungu, ndipo mukapita ku Milange mukhala mukulowera komwe kamachokera, phiri la Chiperone lili m'boma lomwelo, ndiye juzi ndi jekete ya mvula zisatsale, zovala zogonera zikhale m'jumbo yakeyake zisanyowe. Mphepo ya mwera nayo miyezi imeneyi imaomba kuchokera kummwera chakummawa, kutanthauza kuti popita ku Mocuba izikuombani kumaso, pobwerera izikukankhani koma pamenepo ndiye mukukwera chitunda poti Mocuba ali kunsi kwambiri kuyerekeza ndi Milange. October ndi November kumunsiko kumatentha koopsa, mukapita nthawi imeneyo muzinyamuka 5 koloko mmawa, 11 koloko mwaima pamthunzi mpaka cha m'ma 2. December mpaka March ine sindingakulangizeni, mu January 2015 madzi a Licungo anagwetsa mlatho wa pa Mocuba msewu wa N1 nkuduka, mitsinje ya kumeneko simasewera.

Pa njinga penipeni, okonza njinga ali paliponse m'njira imeneyi, Zambezia ndi dziko la njinga, ku Quelimane a kabaza ndiye ali mbwee m'tauni monse. Koma zida zomwe ali nazo ndi za njinga zathu zakuda zija ndi ma mountain bike wamba a saizi 26. Ngati yanu ndi ya matayala a 29 kapena 700, kapena mabuleki a mafuta, nyamulani zanu, machubu awiri aliyense, tayala limodzi lopinda, zigamba ndi guluu, pampu, masipoko angapo makamaka a wilo ya kumbuyo poti ndi yomwe imasenza katundu, waya wa buleki ndi wa magiya, kachidutswa ka tcheni, masipanala ndi ma allen key, ndi malamba odula ku chubu chakale omangira chilichonse chomwe chamasuka. Keliyala ikhale yachitsulo yoti owotcherera a m'njira atha kuiwotcherera ikathyoka, ya aluminiyamu ikaduka ndiye yaduka.

Pobwerera dzerani pa boda pomwepo kapena boda ina yovomerezeka, mudinditse chotulukira cha Mozambique ndi cholowera cha kwathu, ngakhale wina akuuzeni kuti pali njira yachidule yotulukira ku Limbuli. Mukazemba, m'mabuku mwawo mudzaoneka ngati mukadali m'dzikomo ndipo tsiku lomwe mudzapitenso adzakuwerengerani masiku onsewo. Ma metical otsala agwiritseni ntchito ku Milange, mugule zitenje za capulana za amayi kunyumba kapena pão wa panjira, poti mukafika nawo ku Luchenza palibe adzawalandire.